Masekondi 109 pa funso: kukonzekera mayeso a kaganizidwe a TARA ndi TSA

Mayeso a TARA (Test of Academic Reasoning for Admissions), amene amalembedwa ndi ofuna malo ku mayunivesite ena a ku Britain, amapereka mphindi 40 pa mafunso 22. Mukagawa, funso lililonse likulandira masekondi 109. M'masekondi amenewo muyenera kuwerenga ndime ya Chingerezi, kumva chimene afunsa, kuyeza mayankho asanu, kusankha limodzi n'kupita patsogolo. Mayeso akale a TSA (Thinking Skills Assessment) ankapereka mphindi 90 pa mafunso 50, amene ndi masekondi 108. Dzina linasintha, oyendetsa anasintha, koma mpanipani wa nthawi ndi womwewo.

Mayesowa alibe silabasi yoti muloweze. Safunsa chaka chimene nkhondo inayamba kapena dzina la fupa. Masamu ake ndi amene munawasiya kale m'makalasi oyambirira a sekondale: kuphatikiza, kugawa, mapelesenti, avereji, kuwerenga tebulo. Apa ndi pamene amapusitsira anthu. Mwana wa ma A okhaokha amatsegula pepala lakale, n'kuona kuti mulibe chachilendo, n'kulitseka. Tsiku la mayeso wotchi imamuthera asanafike kumapeto, ndipo mwa mafunso amene wayankha, angapo wawalakwa ali ndi chikhulupiriro chonse kuti wakhoza. Malikisi amadontha pa mabowo odziwika: kuyankha funso limene silinafunsidwe, kulowetsa m'ndime zimene inu mukudziwa koma wolemba sananene, ndi kukakamira funso limodzi mpaka nthawi ya ena atatu itapita. Ntchito yokonzekera ndi kupeza bowo lanu n'kulimata.

Mayesowa ndi a ndani

TSA anapangidwa ndi bungwe la Cambridge Assessment Admissions Testing, ndipo kwa zaka zambiri yunivesite ya Oxford inkawagwiritsa ntchito posankha ofuna maphunziro monga PPE (Philosophy, Politics and Economics), Economics and Management, Human Sciences ndi Experimental Psychology. Bungwelo linasiya kuyendetsa mayeso olowera ku yunivesite chitatha chaka cha 2023. Kenako kunabwera UAT-UK, bungwe la mayunivesite a Cambridge ndi Imperial College London, limene linayambitsa TARA mu 2025. Yunivesite ya UCL (University College London) ndiyo inayamba kufuna TARA pa maphunziro ake angapo, ndipo mu 2026 Oxford nayo inalengeza kuti isamukira ku mayeso a UAT-UK. Amalembedwa pa kompyuta, ku malo olembera mayeso a Pearson VUE.

TARA ili ndi zigawo zitatu, chilichonse cha mphindi 40: Critical Thinking mafunso 22, Problem Solving mafunso 22, ndi kulemba chimangirizo. Chigawo chilichonse chili ndi wotchi yakeyake, kotero mphindi zimene mwasunga pa choyamba sizikuthandizani pa chachiwiri. TSA inkasakaniza mitundu iwiriyi m'pepala limodzi, mafunso 25 uku 25 uku. Calculator ndi dikishonale saloledwa. Yankho lolakwika silichotsetsa malikisi.

Amene akuwalemba mwa ife ndi ana a A-Level ndi IB (International Baccalaureate) ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka ndi Harare, komanso ana a abale athu okhala ku Britain. MSCE yokha sikufikitsani ku mayunivesite amenewa. Koma makolo amene analemba mayeso olowera ku University of Malawi masiku a UEE sangadabwe ndi zimene zikufunsidwa, pakuti nawonso ankayesedwa luso la chiyankhulo, la manambala ndi la kuganiza.

Chigamulo ndi zifukwa zake

Ndime ya Critical Thinking imakhala ngati mlandu wa pabwalo. Pali zifukwa zimene zaperekedwa, ndipo pali chigamulo chimene zifukwazo zikuchirikiza. Mafunso ake ndi a mitundu isanu ndi iwiri, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kagwiridwe kake. Woyamba, umene ena onse amatsamirapo, ndi kupeza chigamulo chachikulu, chimene pepala limatcha "main conclusion". Onani ndime iyi:

"Maminibasi ambiri amanyamula anthu opyola muyezo. Apolisi amalipiritsa madalaivala chindapusa tsiku ndi tsiku koma khalidweli silikutha, choncho chindapusa cha dalaivala sichikuthandiza. Chilango chiyenera kupita kwa mwini galimoto, pakuti iyeyo ndiye amaika ndalama imene dalaivala ayenera kubweretsa madzulo."

Ambiri akaona mawu oti "choncho" amathamangira pomwepo. Koma "chindapusa sichikuthandiza" ndi chigamulo chapanjira, sitepe yokwerera kupita pa chachikulu. Kuti mutsimikize, tengani ziganizo ziwiri zimene mukukayikira, muike "choncho" pakati pawo, muyese mbali zonse ziwiri. "Chindapusa cha dalaivala sichikuthandiza, choncho chilango chipite kwa mwini galimoto" zikumveka. "Chilango chipite kwa mwini galimoto, choncho chindapusa sichikuthandiza" sizikumveka. Chimene chakhala kumapeto pa dongosolo lomvekalo ndicho chigamulo. Chimatha kukhala pachiyambi pa ndime, pakati kapena pothera, ndipo nthawi zambiri chimakhala ndi mawu monga "should", "must" kapena "ought". Samalaninso ndi ndime yoyamba ndi "many people believe". Ganizo limenelo si la wolemba. Iye akulitchula kuti aligwetse, ndipo lake limabwera pambuyo pa "but" kapena "however".

Mtundu umene umadya malikisi kwambiri ndi wa "assumption". Apa akufuna mfundo imene wolemba sanainene koma akuidalira, moti itachotsedwa, chigamulo chake chigwa. Nachi chitsanzo: "Mudzi uno walandira mjigo watsopano, choncho matenda otsegula m'mimba achepa chaka chino." Mayankho awiri akukopani. Loyamba: "Madzi a pamjigo ndi aukhondo kuposa madzi ena alionse." Lachiwiri: "Anthu ena a m'mudzimo adzasiya madzi amene ankamwa n'kuyamba kumwa a pamjigo." Njira yoyesera ndi kulitembenuza yankho kuti likhale lokana. Ngati madzi a pamjigo sali aukhondo kuposa ena onse, chigamulo chikadalipo, chifukwa akhoza kuposa a kumtsinje ngakhale akuchepera kwa a m'botolo. Koma ngati palibe ndi mmodzi yemwe adzamwe madzi a pamjigo, chigamulo chafa. Lachiwiri ndilo yankho. Taonani kuti lolondolalo ndi lofatsa, losadzitama, pamene lolakwikalo ndi lonenepa ndi mawu oti "alionse". Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: yankho lokhala ndi "all", "always", "never" kapena "the only" liyenera kuyesedwa kawiri musanalikhulupirire. Kumbukiraninso kuti chimene chalembedwa kale m'ndime sichingakhale "assumption", ngakhale chitakhala choona chotani.

Pa mafunso a kulimbikitsa kapena kufooketsa mfundo, amakupatsani umboni watsopano ndipo mumautenga ngati woona. Tinene kuti ndime ikuti sukulu ina inayamba kuphikira ana phala, chaka chomwecho ana ambiri anakhoza mayeso, choncho phala ndilo lathandiza. Chofooketsa ndi chimene chikupereka chifukwa china cha zotsatira zomwezo, monga chakuti chaka chomwecho sukuluyo inalandira aphunzitsi anayi atsopano. Cholimbikitsa ndi chimene chikutseka njira ya chifukwa chinacho, monga chakuti sukulu yoyandikana nayo inalandiranso aphunzitsi anayi koma inalibe phala, ndipo zotsatira zake sizinasinthe. Yankho loti "phala ndi lokwera mtengo" likhoza kukhala loona ndiponso lofunika kwa wosunga chuma cha sukulu, koma silikukhudza funso lakuti kodi phala ndilo lakhozetsa ana. Mayankho osokeretsa ambiri ndi otere: ali pa mutu womwewo koma sakugunda chigamulo.

Zilema za kaganizidwe, zimene pepala limatcha "flaw", ndi zochepa ndipo zimabwerabwera. Kuganiza kuti zinthu ziwiri zochitika pamodzi, chimodzi chachititsa chinzake. Kuweruza gulu lonse poona anthu ochepa. Kunyoza wonena m'malo moyankha zimene wanena. Kunena kuti njira ndi ziwiri zokha pamene zilipo zambiri. Ndipo chachikulu pa zonse, kusokoneza chinthu chofunika ndi chinthu chokwanira. Feteleza angakhale wofunika kuti chimanga chibereke pa nthaka yoguga, koma sakwanira, pakuti mvula ikapanda kugwa munda wafetelezawo upsa. Wolemba akati "anathira feteleza, choncho akolola", watenga chofunika n'kuchiyesa chokwanira.

Chilema chimenechi chimabweranso pa mafunso ofananitsa kamangidwe ka mfundo. Amakupatsani ndime, n'kufunsa kuti mwa zisanu ndi iti yomangidwa mofanana nayo. Musayang'ane nkhani yake, chifukwa yofanana mutu kawirikawiri ndi msampha. Chotsani mnofu mutsale ndi mafupa, polemba zilembo. "Mvula ikagwa msewu umaterera. Msewu ukuterera. Choncho mvula yagwa." Mafupa ake ndi awa: ngati A ndiye B, B, choncho A. Kaganizidweka n'kolakwika, pakuti paipi yamadzi ikhoza kukhala itaphulika, koma ntchito yanu si kukakonza. Mupeze yankho lolakwa mofanana, osati limene likuti ngati A ndiye B, palibe B, choncho palibe A, limene ndi lolondola koma la mafupa ena.

Mitundu iwiri yotsala ndi kutulutsa chigamulo nokha kuchokera pa mfundo zimene mwapatsidwa, ndi kupeza lamulo lapansi limene ndime yatsamira n'kuliona pa nkhani ina. Wachiwiriwu ndi wosavuta mukangolinena lamulolo m'mawu anu musanaone mayankho. Ndime yonena kuti mlatho ulipiridwe ndi owoloka okha yatsamira pa lamulo loti wopindula ndiye alipire, ndipo yankho likhoza kukhala lokhudza laibulale kapena bwalo la mpira.

Timawu timene Chichewa chimatiphatikiza

Amene timaganiza m'Chichewa tili ndi msampha wathuwathu, ndipo mabuku okonzekera mayesowa sautchula chifukwa sanalembedwere ife. Mawu oti "many" ndi "most" tonse timangoti "ambiri". M'mayesowa ndi zinthu ziwiri zosiyana. "Most" ndi oposa theka. "Many" ndi gulu ndithu, koma likhoza kukhala anthu 300 mwa 10,000. Kusiyanaku kumasintha yankho. Ngati oposa theka a m'mudzi amalima fodya, ndipo oposa theka amaweta mbuzi, ndiye kuti alipo ngakhale mmodzi amene amachita zonse ziwiri, chifukwa magulu awiri oposa theka sangalephere kukumana. Mukaika "many" pamalo pa "most", chigamulo chimenecho sichitulukanso.

"Some" timati "ena", ndipo khutu lathu limamva kuti enanso ayi. M'kaganizidwe ka mayesowa "some" ndi mmodzi kapena kuposerapo, ndipo akhoza kukhala onse. Yesani iyi: ana onse a kalasi ya A anakhoza masamu, ena mwa amene anakhoza masamu anakhozanso sayansi. Kodi tinganene kuti ana ena a kalasi ya A anakhoza sayansi? Ayi. Okhoza sayansiwo akhoza kukhala onse a kalasi ya B. Jambulani zozungulira ziwiri kapena zitatu ndipo muona ndi maso.

"If" ndi "only if" nawo amasiyana. "Mulowa only if muli ndi tikiti" akutanthauza kuti popanda tikiti simulowa, koma sakulonjeza kuti wa tikiti alowa, pakuti holo ikhoza kudzaza. "Unless" muzimumasulira kuti "ngati si": chinthu sichichitika ngati chinacho palibe. "Few" akutsindika kuchepa, "a few" akutsindika kuti alipo. Lembani timawuti pa khadi limodzi ndipo muzitizindikira nthawi iliyonse mukatipeza m'ndime, mpaka diso lizolowere kuima pamenepo lokha.

Manambala opanda calculator

Problem Solving ili ndi mitundu itatu: kusankha mfundo zofunika pakati pa mulu wa zosafunika, kupeza njira yowerengera, ndi kuzindikira zinthu zofanana zoonetsedwa mosiyana.

Pa mtundu woyamba amakupatsani tebulo lalikulu, monga nthawi za sitima kapena mitengo ya mahotelo, ndipo manambala ofunika amakhala atatu kapena anayi okha. Yambani ndi chiganizo chomaliza, pamene pali funso lenileni, kenako mubwerere ku tebulo mukudziwa chimene mukusaka. Werengani timawu ta pansi pa tebulo. Kanyenyezi konena kuti sitima iyi siyenda Loweruka, kapena kuti ana osafika zaka zisanu salipira, sikanaikidwe mwangozi. Onaninso ngati akufuna chachikulu kapena chachiwiri kwa chachikulu, mtengo wa munthu mmodzi kapena wa gulu, ulendo wopita wokha kapena wobwereranso.

Pa mtundu wachiwiri pali misampha yakale imene muyenera kuidziwa pamtima. Mtengo ukakwera ndi 20 pelesenti kenako n'kutsika ndi 20 pelesenti subwerera pakale: 100 ikhala 120, ndipo 120 ikatsika ndi 24 ikhala 96. Galimoto yopita pa liwiro la makilomita 60 pa ola n'kubwerera pa 40 siyenda avereji ya 50. Sankhani mtunda wosavuta, monga makilomita 120: kupita maola 2, kubwerera maola 3, onse pamodzi makilomita 240 m'maola 5, amene ndi 48. Mpanda wowongoka wa mamita 100 wokhala ndi mlongoti pa mamita 5 alionse umafuna milongoti 21, koma wozungulira munda n'kukumana umafuna 20. M'kalasi ya ana 40, ngati 28 amaphunzira French ndipo 19 amaphunzira Geography, osachepera 7 amaphunzira zonse, chifukwa 28 ndi 19 ndi 47, ndipo 7 apyola.

Mafunso ena amafewa mukayambira kumapeto. Mayi wogulitsa mazira wagulitsa theka la mazira ake ndi ena awiri kwa kasitomala woyamba, kenako theka la otsala ndi ena awiri kwa wachiwiri, ndipo watsala ndi 7. Anali ndi angati? Bwezani awiri pa 7, akhala 9, ndiye theka, kotero asanabwere wachiwiri anali 18. Bwezani awiri pa 18, akhala 20, ndiye theka, kotero poyamba anali 40. Palibe aljebra imene yafunika. Njira ina ndi kuyesa mayankho asanuwo. Ngati aikidwa kuyambira laling'ono kufika lalikulu, yambani ndi lapakati; likachepa kapena kupyola, mwachotsa atatu nthawi imodzi.

Popeza mayesowa ndi a ku Britain, ndalama zake ndi mapaundi ndi mapeni, mapeni 100 pa paundi imodzi. Zachitsulo ndi 1p, 2p, 5p, 10p, 20p, 50p, £1 ndi £2. Funso likhoza kufunsa ndalama zachitsulo zochepetsetsa zopangira 88p, ndipo yankho ndi zisanu ndi imodzi: 50, 20, 10, 5, 2 ndi 1. Mwana wa ku Leeds amazidziwa m'thumba, wa ku Zomba ayenera kuziloweza. Lowezaninso kuti gawo limodzi mwa 8 ndi 12.5 pelesenti, limodzi mwa 6 ndi pafupifupi 16.7, ndipo muzolowere kuchotsera nthawi pa wotchi ya maola 24, kumene ambiri amaiwala kuti ola lili ndi mphindi 60 n'kuwerengera ngati ndi 100. Kuchokera 09:47 kufika 13:15 ndi maola 3 ndi mphindi 28: mphindi 13 kufika 10:00, maola 3 kufika 13:00, ndi mphindi 15.

Mtundu wachitatu ndi wa zithunzi: bokosi lotambasulidwa, matailosi, magalafu. Pa bokosi la mbali zisanu ndi imodzi lotambasulidwa, mabwalo anayi akakhala pamzere umodzi, loyamba limayang'anizana ndi lachitatu, lachiwiri ndi lachinayi. Lamulo limeneli lokha limachotsa mayankho angapo, pakuti mbali ziwiri zoyang'anizana sizingaoneke pamodzi pa chithunzi. Ngati maso anu sazungulitsa zinthu m'mutu, dulani katoni ya sopo, mulembe zilembo pa mbali zake, muipinde ndi kuitambasula madzulo angapo. Pa magalafu, funsani chimene chikuchitika poyamba, pakati ndi pomaliza. Ndowa yopapatiza pansi, yotambalala pamwamba, ikamadzazidwa ndi mpopi wosasintha, madzi amakwera msanga poyamba n'kumachedwa akamafika pamwamba, kotero mzere wake umayamba wokwera mofulumira n'kumagona.

Kabuku ka zolakwa

Masabata 10 kapena 12 ndi okwanira ngati mukugwira ntchito pang'onopang'ono masiku ambiri a sabata. Yambani ndi kuwerenga chikalata cha UAT-UK chofotokoza za mayesowa ndi mafunso ake achitsanzo. Popeza TARA ndi yatsopano, mapepala ake ndi ochepa, koma mapepala akale a TSA ndi chigawo choyamba cha BMAT, mayeso a ofuna udokotala amene anatha mu 2023, ali ndi mafunso a mtundu womwewo.

Sabata yoyamba lembani pepala limodzi lathunthu ndi wotchi, musanaphunzire chilichonse, kuti mudziwe pamene mwaima. Masabata atatu kapena anayi otsatira siyani wotchi. Gwirani mafunso mtundu umodzi umodzi, khumi a "assumption" lero, khumi a matebulo mawa, ndipo pa funso lililonse munene chifukwa chimene mayankho anayi enawo ali olakwika. Kenako bwezani wotchi pa timagulu ta mafunso 11 m'mphindi 20. Masabata anayi omaliza lembani mapepala athunthu, limodzi kapena awiri pa sabata, pa kompyuta osati pa pepala losindikiza, chifukwa pa sikirini simungathe kudula mzere pansi pa chigamulo ndipo maso amatopa mwa mtundu wina. Sungani mapepala awiri osawatsegula mpaka kumapeto.

Kulemba mapepala 15 osabwerera m'mbuyo ndi kutunga madzi ndi dengu. Chimene chimakweza malikisi ndi kabuku ka zolakwa. Pa funso lililonse limene mwalakwa, komanso limene mwakhoza mongolota, lembani zinthu zinayi: mtundu wa funso, yankho limene munasankha, chimene chinakukopani pa yankholo, ndi gwero la cholakwacho. Magwero ake ndi asanu: sindinawerenge bwino funso, ndinalowetsa zimene ndikudziwa, ndinaphonya powerengera, nthawi inandithera, njira sindinaidziwe. Pakatha mapepala atatu muwerengere. Kawirikawiri gwero limodzi kapena awiri ndiwo amatenga gawo lalikulu, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Wophonya powerengera achite masamu a m'mutu mphindi 10 tsiku lililonse. Wosawerenga bwino funso azilemba pambali, m'mawu atatu, chimene akufunsidwa asanayang'ane mayankho. Wolowetsa zake azidzifunsa pa yankho lililonse kuti ndi mzere uti wa ndime umene ukunena zimenezi. Vutoli limagwira kwambiri amene nkhaniyo akuidziwa bwino: wophunzira Economics akapeza ndime ya misonkho amayamba kutsutsana ndi wolemba m'malo moyeza kamangidwe ka mfundo zake.

Kubwereza pepala kumatenga nthawi yaitali kuposa kulilemba, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ngati muli awiri, fotokozeranani mayankho mokweza, ngakhale m'Chichewa. Pamene lilime lakakamira pofotokoza ndi pamene simunamvetse.

Chimangirizo

Pa TARA mumasankha chiganizo chimodzi mwa zitatu, ndipo malire ndi mawu 750. Mumafotokoza chimene chiganizocho chikutanthauza, kupereka mfundo zochitsutsa, ndi kunena pamene inu mwaima. Oyendetsa mayeso sachichonga, amachitumiza ku yunivesite. Pa mphindi 40, zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zoyamba zipite pa kukonza mafupa: mbali yanu m'chiganizo chimodzi, zifukwa ziwiri kapena zitatu, ndi mfundo yamphamvu koposa ya wotsutsana nanu. Musasankhe yofooka kuti muigwetse mosavuta, owerenga amaziona. Mawu 500 omangika bwino amaposa 750 omwazika. Chizolowezi cha kusukulu choyamba ndi ndime yaitali ya malonje chisiyeni, lowani m'nkhani pa mzere woyamba. Ngati simunazolowere kutaipa, yesererani, chifukwa zala zochedwa zimadya mphindi za kuganiza.

Kulembetsa ndi tsiku lenileni

Kulembetsa mayeso ndi kosiyana ndi kutumiza fomu ya UCAS, yofunsira malo ku mayunivesite a ku Britain. Fomu ya Oxford imatsekedwa pa 15 Okutobala, koma kusungitsa malo a mayeso kumatsekedwa masabata angapo tsikuli lisanafike. TARA imalembedwa mu Okutobala ndi mu Januwale, ndipo wofuna Oxford ayenera kulemba ya Okutobala. Mayeso ofunika pa maphunziro alionse akhala akusintha zaka zino, choncho onani tsamba la maphunziro anu pa webusaiti ya yunivesite chaka chimene mukulembetsa. Sungitsani malo tsiku limene atsegula, makamaka ngati muli ku Africa kuno kumene malo olembera ndi ochepa ndipo mwina mufunika ulendo ndi pogona. Dzina limene mwalembetsa lifanane chilembo ndi chilembo ndi la pa pasipoti. Amene ali ndi dzina lachikhristu ndi lamakolo, kapena amene dzina lawo limalembedwa ndi "l" pena ndi "r" pena, ayang'ane kawiri. Wofuna nthawi yowonjezera chifukwa cha ulumali kapena matenda apemphe msanga, pakuti pempho limeneli limafuna makalata ndipo limatsekedwa kulembetsa kusanathe.

M'chipinda amakupatsani cholembapo chofufutika. Gawani malo ake ndi kulemba nambala ya funso pambali pa masamu anu kuti mukabwerera musayambirenso. Dzipatseni masekondi 100 pa funso: mafunso 22 atenga mphindi 36 ndi masekondi 40, n'kukusiyirani zitatu ndi pang'ono. Wotchi ikamasonyeza kuti kwatsala mphindi 21 kapena 22, mukhale mutamaliza funso la 11. Mafunso onse ali ndi malikisi ofanana, kotero lovuta likakutengerani mphindi ziwiri njira isanaoneke, sankhani yankho, muike chizindikiro chobwererapo, mupite.

Mukatsala ndi mayankho awiri, mapanga awiri avumbwitsa. Musawawerenge mobwerezabwereza ngati kuti limodzi lidzadziulula. Pezani liwu limodzi limene akusiyana, kaya ndi "may" ndi "will", kaya "some" ndi "most", mubwerere ku ndime mukaone kuti yanena liti. Ngati pakatha masekondi 15 sizikuoneka, tengani lofatsalo. Ikatsala mphindi imodzi, siyani zimene mukuchita mudzaze mafunso onse opanda yankho. Kulota pa mayankho asanu kumakhoza kamodzi pa kasanu, ndipo ngati munachotsapo kale awiri olakwika, kamodzi pa katatu.